Madzi Amene Maame Pomaa Anakana Kutaya

Ku Kwaemu kuno aliyense wolima koko amadziwa kuti chuma chili mu njere. Ukathyola chipatso ndi ngowe, umachiswa ndi chikwanje n'kukolopola njere zija pamodzi ndi lenda lake loyera, chigoba n'kuponya kumbuyo osacheuka n'komwe. Umo ndi mmene tinapezera, umo ndi mmene timachitira. Maame Pomaa okha ndi amene ankacheuka. Akaona mulu wa zigoba ukuwolera pansi pa mitengo, mtima unkawawawa ngati aona mpunga wophikaphika utakhuthukira m'matope.

Anabadwira m'khumbi la kumunda, chaka chimene bambo awo anafika kuno kuchokera ku Akyem ndi chikwanje chimodzi komanso mkazi woyembekezera. Sukulu analowa, koma anathera kalasi yachiwiri. Sikuti mutu unali wouma ayi, vuto linali benchi. Mphunzitsi akangotembenukira kubolodi, Pomaa anali ataima kale pazenera, apo ayi ali panja kutola tizidutswa ta choko timene anzake ataya. Mayi ake ataona kuti mwanayo ndi wojijirika, wodya ali chiimire, anamuchotsa n'kumuika pa mphika wa sopo, poti ntchito imeneyo imafuna munthu wosakonda mpando. Mng'ono wake Dufie ndiye anapitiriza sukulu. Ameneyo anali woganiza kaye, wa mawu ochepa, koma akalankhula ankabaya.

Sopo wakuda wa Maame Pomaa anatchuka mpaka ku msika wa ku Bibiani. Ankayanika zigoba pamphasa mpaka ziume gwa, n'kuzitentha mumgolo, phulusa lake n'kucheza chidulo. Chidulocho ankachiphika ndi mafuta a kanjedza, akutakasa ndi mthiko wautali kuyambira m'mawa mpaka dzuwa paliwombo, uku akukalipira nkhuku, uku akuyang'ana ngati mvula ikubwera. Zambiri za koko ankazidziwira m'manja ndi m'kamwa. Chigoba chimene chagona pansi n'kuda chimatulutsa chidulo chosaluma. Chotenthedwa chisanaume chimangokupatsa utsi. Madzi a lenda amene amakha pa mulu wa njere zovundikidwa, amene ena tonse timangowasiya alowe m'dothi, iwo ankatcherera beseni. Tsiku loyamba amakhala otsekemera ndipo ana amalimbirana, lachiwiri ayamba kuwawasa, akagonera masiku angapo asanduka viniga. Ukawawiritsa nthawi yaitali kafungo kake kamathawa, umangotsala ndi uchi wakuda wopanda dzina. Zigoba zina ankazisinja mumtondo n'kusakaniza ndi madeya, kudyetsa nkhosa zawo, ndipo nkhosazo zinkanenepa m'chilimwe pamene za anzawo zinkawerengeka nthiti.

Anakwatiwa ndi Gyabaa, mwamuna wofatsa wokonda kukhala pachitsa n'kumamvera wailesi. Anthu apakamwa amati bamboyo anafa ndi kutopa kongoyang'ana mkazi wake akudutsadutsa pabwalo. Ife sitikudziwa, tinangoika maliro. Anawasiyira mwana mmodzi, Ohenewaa, amene atakula anakapeza ntchito pa kafakitale ka chokoleti ku Kumasi.

Ndiye kunabwera chaka choipa chija. Mayi awo anamwalira n'kusiyira ana awiriwo munda, ndipo mundawo unali utagwidwa ndi matenda otupitsa nthambi aja. Alangizi anabwera, anayendera mitengo, n'kunena zimene amanena kulikonse: idulidwe yonse, mubzale ina, apo ayi matendawa alowa ndi m'minda ya anzanu. Maame Pomaa anakanitsitsa kwamtuwagalu. Mitengoyo anabzala ndi bambo awo, ina inali ikadabereka zipatso zitatu kapena zinayi, ndipo kwa iwo mtengo wa masamba sudulidwa. Dufie sanatsutse. Koma mkulu wakeyo atapita ku Bibiani ndi sopo masiku atatu, iye anavomera, anthu a macheka n'kulowa m'munda.

Maame Pomaa pobwera anapeza zitsa zokhazokha, kumwamba kuli ng'aa. Sanatule n'komwe beseni limene linali pamutu. Anawoloka mtsinje wa Tano, molunjika ku Asuogya kumene Dufie anakwatiwa, n'kukaima pakhonde pake.

"Dufie! Tuluka undiuze kuti si iwe!"

Dufie anatuluka akupukuta m'manja. "Ndi ine, achemwali. Mitengo ija inali itafa kale, inu nokha ndi amene simunkafuna kuiona."

"Manja a bambo athu wawadula ngati nkhuni?"

"Bambo akanakhalapo akanadula okha. Inuyo ngakhale khoswe wakufa mukhoza kumusunga, n'kumati tsiku lina adzagwira ntchito."

Anthu amene anali pafupi anaseka, ndipo kusekako ndi kumene kunawononga zinthu. Maame Pomaa anatula beseni, anavula nsapato, n'kumenya phazi pansi katatu.

"Ndikadzapondanso m'nyumba mwako muno, Tano anditenge!"

Kuno munthu akatchula mtsinje polumbira, mawuwo sabwezedwa ndi pepani. Aliyense amadziwa wina amene anaswa lumbiro lotere n'kutupa mimba, ndipo ngakhale ife opita kutchalitchi sitifuna kuyesa dala. Choncho panadutsa zaka zisanu ndi zinayi. Mitengo yatsopano inakula, inayamba kubereka chaka chachinayi, ndipo inkabereka mpaka nthambi kuwerama. Maame Pomaa ankatola zigoba zake n'kuphikira sopo, akudziwa bwinobwino mumtima kuti mng'ono wawo anachita zoona, koma pakamwa panali potseka. Pamaliro, awiriwo ankakhala mbali zosiyana za bwalo, aliyense akuba mnzake ndi kadiso kuti aone ngati waonda.

Tsiku lina m'mawa a Nkansah, malume awo, anafika akugogoda ndodo. Anawapeza akutakasa mphika ndipo sanawapatse mpata woti afunse za kumene achokera.

"Pomaa, siya kaye mthikowo."

"Nenani, amalume, makutu anga sagwira mthiko."

"Mng'ono wako madokotala amubweza kuchokera ku Kumasi. Akuti azikadya chimene mtima wake ukufuna."

Mthiko unaima. Sopo anayamba kufufuma n'kusefukira pamoto, iwo osaona.

"Ndipita lero lomwe," anatero.

"Upita kukaima pamsewu? Mawu aja akadali pakhonde paja, sanawole. Pamafunika nkhosa yoyera yamphongo, yopanda banga, ikaphedwe pakhomopo kuti magazi atsuke pamene unamenya phazi. Ndipo ukudziwa mmene timachitira kubanja kwathu. Ya pamsika sitilandira. Ikhale yodya m'manja mwako iwe wolumbirawe, kuyambira Akwasidae uyu wa mawa mpaka Akwasidae winayo."

Akwasidae ndi Lamlungu la makolo, ndipo limabwera pakatha masiku makumi anayi ndi awiri.

"Masabata asanu ndi limodzi! Nanga iyeyo afika?"

"Zimenezo funsa Mulungu. Ine ndakuuza za nkhosa."

Mwamwayi m'khola mwawo munali yoyera imodzi, ya nyanga zongoyamba kupindika. Anaipatula, anaimangira pa mtengo wa malalanje kuseri kwa khitchini, ndipo kuyambira tsiku limenelo nkhawa zawo zonse zinathera pa nyamayo. Munthu amene sangathe kupita kukaona wodwala amafuna chogwira. Ankaisambitsa ndi sopo wawo, ankaichotsa nkhupakupa, ankaigwiragwira msana kasanu patsiku. Kenako n'kuthamangira kumsewu kukafunsa madalaivala a minibasi za ku Asuogya. Wina ankati wodwalayo wamwa phala, wina ankati dzulo sanadzuke. Akabwerako ankaima n'kuiyang'ana nkhosa ija, ndipo m'maso mwawo inkaoneka yoonda. Sinali yoonda ayi, ife tinkaiona. Koma iwo ankamva kale mawu a Dufie akuti zaka zisanu ndi zinayi zonsezi mwandibweretsera mafupa.

Kumapeto kwa sabata yachinayi Ohenewaa anabwera kudzaona mayi ake aang'ono odwalawo, ndipo pobwerera anadzera kwa mayi ake ndi matumba awiri opepuka. Atamasula, pabwalo ponse panamveka fungo la chokoleti.

"Chimenechi n'chiyani?"

"Mankhusu a njere, amayi. Tikakazinga njere timazipeta, tikhungu take n'timeneti. Ena amapanga tiyi, akuti muli zinthu zothandiza mtima, bola osapsereza pokazinga. Koma timatsala ambiri, ndiye amakangotaya kudzala."

"Amataya?" Maame Pomaa anali atalowetsa kale manja onse awiri m'thumba. "Anthu a m'tauni mutu mulibe. Nkhosa yanga inenepa ndi zimenezi."

"N'chifukwa chake ndabweretsa, koma mumve bwino. Amenewa si zigoba zanu zija. Wa kuntchito kwathu akuti chiweto sichipatsidwa osaphika. Muziwiritsa, madzi ake n'kutaya, muthirenso ena, muwiritse, mutayenso. Mukatero muyanike, muzisakaniza pang'ono ndi madeya."

"Ndamva."

"Amayi, ndati madziwo muzitaya."

"Iwe, ndinayamba kugwira koko usanabadwe. Kakwere minibasi yako ingakusiye."

M'mawa mwake anawiritsa mankhusu mumphika waukulu monga anauzidwira. Anatsanulira madzi m'ndowa, ananyamula ndowayo mpaka kungalande ya kuseri, anaipendeketsa, ndipo apo ndi pamene anaima. Madziwo anali ofiirira, onunkhira ngati chakumwa cha anthu olemera. Anaviika chala n'kulawa. Ankawawa pang'ono, koma kuwawa kwake kwa chinthu champhamvu. Anayang'ana mankhusu ophika aja, otuwa, opanda fungo. Nzeru zawo zonse za pa mphika wa sopo zinawauza chinthu chimodzi: ukacheza chidulo, mphamvu imapita m'madzi, phulusa lotsala ndi lachabe. Ndiye munthu wanzeru angataye chidulo n'kusunga phulusa? Anatunga kapu imodzi n'kumwa okha kuti ayese. Tsiku limenelo anagwira ntchito ya anthu atatu osamva kutopa, ndipo anati mumtima, ana a sukulu amadziwa zolemba zokha.

Anabwerera nayo ndowa ija, anakandira madeya ndi madziwo, anawaza kamchere, n'kuika pamaso pa nkhosa. Inanunkhiza, inazengereza, kenako inadya n'kunyambita beseni. Ndipo poti mjigo uli kutali komanso madzi otsala m'ndowa sakanatayidwa, tsiku lotsatira anawiritsira mankhusu atsopano m'madzi omwewo. Linzakelo chimodzimodzi. Pofika kumapeto kwa sabata madziwo anali akuda bii, okhuthala, ndipo ankawathira ngakhale m'chomwera chake.

Masiku oyamba nkhosa inasangalala, mwiniwake n'kusangalala nayo. Inkadumpha, inkagunda mtengo wa malalanje ndi nyanga, inkakoka chingwe mpaka kulira. Maame Pomaa ankaitana anthu odutsa kuti adzaone. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Sabata yomaliza itayamba, nyamayo inasiya kugona pansi. Nkhosa zinzake masana zimagona pamthunzi n'kumabzikula, koma iyo inkangozungulira mtengo, kuzungulira, kuzungulira, mpaka chingwe kuthera pathunthu, n'kutembenuka kuyambanso kwina. Pansi panakumbika kanjira kozungulira. Inkakodza pafupipafupi, maso ali tong'o, makutu akunjenjemera. Madeya inayamba kusiya. Ataona kuti sikudya, Maame Pomaa anaganiza kuti yafooka, ndiye anawonjezera madzi aja.

Lachisanu m'mawa anaigwira pachifuwa ndipo dzanja lawo linadumpha. Mtima wa nyamayo unkagunda mothamanga, kenako n'kuphonya, n'kuyambiranso. Anathamanga wapansi mpaka pamphambano pamene pamakhala a Kwarteng, alangizi a ziweto, n'kubwera nawo pa njinga yamoto.

A Kwarteng anaiyang'ana m'maso, anaimvetsera pachifuwa, kenako anayamba kununkhiza m'mwamba ngati galu wosaka. Mphuno inawatsogolera ku ndowa.

"Mayi, ichi n'chiyani?"

"Ndi madzi a mankhusu a koko. Amapatsa mphamvu."

"Mwaipatsa masiku angati?"

"Sabata ziwiri sizinakwane."

Bamboyo anavula chipewa n'kukhala pa mtondo. "Mayi Pomaa, inu ndi amene mumatiphunzitsa za koko m'mudzi muno. Ndiuzeni, njere yaiwisi imakoma bwanji?"

"Imawawa."

"Nanga mukaivundika m'masamba a nthochi masiku asanu ndi limodzi?"

"Kuwawa kumachepa."

"Kumapita kuti?"

A Kwarteng anadziyankha okha.

"Kwina kumatuluka ndi thukuta la njere n'kukakamira pa kakhungu kake. Chowawacho azungu amati tiyobulomini. M'zigoba zanu zija muli kochepa, n'chifukwa chake nkhosa zanu zakhala zikudya zaka zonsezi osadwala. Koma m'mankhusu ndi mmene chimasonkhana, ndipo moto wokazingira suchipha. Madzi otentha ndi amene amachitulutsa. Munthu akamwa kapu imodzi amangochangamuka, thupi lathu limachichotsa msanga. Chiweto chimachisunga, lero pang'ono, mawa pang'ono, mpaka mtima kulephera. Amene anakuuzani kuti muziwiritsa anakuuzani zoona. Inu mwachotsa poizoni m'chakudya bwinobwino, n'kumupereka payekha."

"Ibayeni jakisoni."

"Wa zimenezi ndilibe. Sinjani makala, musungunule m'madzi oyera, muziimwetsa. Muiike pamthunzi, pasakhale phokoso. Mwina ipirira."

"Musati mwina! Nkhosa imeneyi ikufunika mkuja. Mng'ono wanga…"

"Ndikudziwa, mayi. Mudzi wonse ukudziwa."

Anasinja makala. Anaimwetsa ndi botolo, ikukana, makala akuda akuyenderera pa ubweya woyera uja, iwo n'kumapukuta ndi nsalu yawo. Anaimasula chingwe kuti mwina ipume, koma inapitiriza kuzungulira mtengo popanda choimanga, ndipo iwo ankazungulira nayo, dzanja lili pamsana pake, akuinyengerera ngati mwana. Loweruka dzuwa lili pamutu inaima mwadzidzidzi, miyendo inauma, inagwa cham'mbali, inaphupha kangapo, basi.

Anthu anasonkhana, ndipo wina anayamba kunola mpeni poti nyama ndi nyama. A Kwarteng analetsa. Anati ikwiriridwe yonse, ndipo dzenje likhale lakuya kuti agalu asafukule, chifukwa galu ndiye sachedwa n'komwe kufa nazo. Wina anati nanga chikopa chokha. Onse anayang'ana Maame Pomaa, poti kuno palibe chikopa chimene chinawadutsapo. Iwo anangotenga khasu. Anakumba okha, anakana wowalandira, anaikokera nkhosa m'dzenjemo ndi chikopa chake, ndi nyanga zake, ndi chingwe chomwe. Kenako anatenga ndowa ija n'kukhuthulira momwemo, pamodzi ndi mankhusu otsala. Analira, ndipo sankalirira nkhosa yokha. Ankalira ndi manyazi, chifukwa anauzidwa kawiri ndi mwana wobala okha, komanso ndi mantha, chifukwa tsopano analibe chowalowetsa m'nyumba ya Dufie.

Lamlungu anavala nsalu yawo yabwino n'kuwoloka Tano chimanjamanja. Pamlatho sanayang'ane madzi.

Ku Asuogya achibale anali atakhala kale pabwalo. A Nkansah anali pampando pafupi ndi khonde, botolo la mowa wa nsembe lili pambali, mpeni uli pa tsamba la nthochi. Anayang'ana kumbuyo kwa Maame Pomaa, kufuna kuona woikoka nkhosa, koma kunalibe.

"Ili kuti?"

"Yafa dzulo, amalume."

Pabwalo panamveka kung'ung'udza. Mkuluyo anapukusa mutu nthawi yaitali.

"Pomaa, Pomaa. Ndiye tichite bwanji? Pezanso ina, uyambirenso. Tidzakumana Akwasidae winayo."

"Mwamuona mmene alili?"

"Ndamuona."

"Ndiye mukunena masabata asanu ndi limodzi?"

"Sindine ndinamenya phazi pansi, mwana wa mlongo wanga. Ndikakulola kulowa, mawa tidzaika maliro awiri, ndipo anthu adzati Nkansah anapha ana a mlongo wake. Ima pazenera apo, umulankhule ali m'katimo."

Maame Pomaa anapita pazenera. Linali lotchinga ndi nsalu, ndipo m'katimo munali mdima. Anabwerera pakati pa bwalo. Anapitanso pazenera. Anayenda mpaka kumsewu, anatembenuka, anabweranso kudzaima pamene anaima zaka zisanu ndi zinayi zapitazo. Khondelo linali ndi masitepe awiri okha a simenti, ong'ambika pakona. Anawayang'ana osakwera. Sikuti ankakayika za mtsinje ayi, ankaukhulupirira ndi mtima wonse, ndipo ankaopa kufa monga aliyense.

M'nyumba munamveka chifuwa, kenako mawu ang'onoang'ono, okhadzula.

"Amene akupalasa pabwalo ngati nkhuku yofuna kuikirayo ndi achemwali?"

"Ndine, Dufie."

"Ndamva kuti mwapha nkhosa ndi tiyi."

Wina pabwalo anaseka n'kudzigwira pakamwa.

"Ndapha."

"Ndinadziwa. Ohenewaa atangondiuza kuti wakutengerani zinthu zofunika kutaya madzi, ndinati nkhosa ija yapita." Anatsokomolanso, nthawi yaitali, mpaka anthu anayang'anana. "Bwererani, achemwali. Mawu anu ndawamva, akwana. Musafere ine."

Maame Pomaa anavula nsapato. A Nkansah anadzuka ndi ndodo yawo.

"Pomaa! Usayerekeze!"

Anakwera sitepe yoyamba, anakwera yachiwiri, anakankha chitseko n'kulowa. Kumbuyo kwawo mayi wina anakuwa, ndipo mkulu uja anayamba kuthira mowa pansi mofulumira, akutchula mayina a makolo mosokoneza ndondomeko.

M'chipindamo munkanunkha mankhwala. Pabedi panali kamunthu kochepa kwambiri moti anayamba ayang'ana kawiri. Tsitsi lonse linali litayera, manja atatsala mafupa, koma maso anali omwe aja, oyang'ana munthu ngati akumuyeza. Maame Pomaa anaima pakati pa chipinda, akudikira kuti mimba iyambe kupota kapena miyendo ife.

"Mwalowa," anatero Dufie.

"Ndalowa."

"Mutu wanu ndi womwe uja. Nanga Tano akabwera?"

"Abwere. Andipeza muno."

Dufie anatambasula dzanja, ndipo mkulu wakeyo anagwada pambali pa bedi n'kuligwira. Linali lotentha, lopepuka.

"Mitengo ija," anatero Maame Pomaa, "unachita bwino kudula. Ndinadziwa kalekale."

"Ndikudziwa kuti munadziwa. Ndimangofuna ndimve ndi makutu anga ndisanapite." Anatseka maso, akumwetulira. "Tano akakutengani lero, mukatsogole mukandisesere malo. Inu ndi aakulu."

"Khala chete, ukutha mpweya. Wadya chiyani lero?"

"Palibe chikulowa. Milomo yokha ndi imene ikuuma."

Pa kampando panali kapu ya madzi ndi supuni. Maame Pomaa analowetsa mkono pansi pa khosi la mng'ono wawo, anamudzutsa pang'ono n'kumutsamiritsa pachifuwa pawo. Supuni yoyamba inatayikira pabulangete. Yachiwiri inafika, ndipo Dufie anameza.

"Inanso," anatero.